Perefyumu Wabwino Sakuwa

Pali perefyumu amene amalowa m'nyumba mwini wake akadali pa geti, ndipo amatsalamo mwini wake atafika kale kwawo. Ameneyo ndiye ali m'fashoni masiku ano. Kwerani basi ya m'mamawa yochoka pa Lundazi kupita ku Chipata mwezi wa June, mawindo onse atatsekedwa chifukwa cha mphepo. Mudzamva oud, vanila ndi fungo ngati la shuga wopserera zikulimbana pamwamba pa mitu ya anthu. Basi isanafike ndi pa Lumezi pomwe, agogo ena adziphimba kale mphuno ndi chitenge, ndipo mwana amene ali pamiyendo pa amake wayamba kuchita mseru. Amene wathira perefyumuyo sakumva kanthu. Kwa iye ulendo ukuyenda bwino.

Ine ndili mbali ina. Ndikufuna kuikira kumbuyo fungo limene achinyamata ambiri amalinyoza kuti ndi la agogo kapena la sopo: lily of the valley, limene Afalansa amalitcha muguet, ndipo m'chinenero chathu tingati kakombo wa m'chigwa. Ndikuti fungo limeneli likutiyenera ife, m'nyengo yathu ndi m'kakhalidwe kathu, kuposa maperefyumu aukali amene tikuwathamangira. Ndikutinso mbiri yake ili ndi phunziro limene lingateteze thumba lanu ndi khungu lanu.

Tiyambe ndi duwalo. Musakalifunefune ku chigwa cha Luangwa, kwa Kazembe kapena kwa Chitungulu, chifukwa kutentha kwa kumeneko lingafote tsiku limodzi. Ndi kachomera kakafupi ka m'nkhalango zozizira za ku Ulaya, kosafika ndi m'bondo momwe, ka masamba awiri kapena atatu otambalala ndi timaluwa toyera tolendewera ngati timabelu. Asayansi amakatcha Convallaria majalis, dzina limene likuloza ku chigwa ndi ku mwezi wa May. Kuti kachite maluwa kamafuna kagone kaye m'chisanu cha milungu yambiri, chisanu chimene June wathu sachifikako. Ngakhale dzina likuti kakombo, si mbale wa kakombo wa m'maiwe mwathu. Banja lake ndi la katsitsimzukwa. Ndipo kachomera konse, mizu, masamba, maluwa ndi tizipatso take tofiira, kali ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima.

Pa 1 May, pamene ife m'tauni tikuguba pa Tsiku la Ogwira Ntchito ndipo kumudzi anthu ali kalikiliki ndi nshawa ndi thonje, Afalansa amagulitsa timitolo ta duwali m'misewu n'kumapatsana monga chizindikiro cha mwayi. Amati mwambowu unayamba ndi Mfumu Charles IX mu 1561. Ambiri a ife dzinali tinalimva koyamba m'tchalitchi, m'nyimbo imene Charles Fry wa Salvation Army analemba mu 1881. Ena munaliona osalidziwa, m'manja mwa Catherine Middleton pa ukwati wake ku London mu 2011.

Tsopano nkhani ikukoma apa. Maluwa ena amapereka mafuta awo. Rozi ukamuphika ndi nthunzi amatulutsa mafuta onunkhira, ndipo jasmine nayenso ali ndi njira yake yomufinyira. Koma kakombo wa m'chigwa amakana. Ungathyole madengu ndi madengu, zimene utapeze n'zochepa kwambiri ndipo sizinunkhira ngati duwa lamoyo. N'chifukwa chake opanga perefyumu amalitcha duwa losalankhula. Tanthauzo lake n'lakuti botolo lolembedwa kuti lily of the valley, kaya lagulidwa ku Paris, ku Manda Hill kapena pa msika wa pa Boma, fungo lake silinachokere m'duwalo. Linachita kumangidwa ndi anthu, monga mmisiri amamangira nyumba ndi njerwa.

Njerwa yoyamba inapezeka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene akatswiri a kemisitiri anapanga mankhwala otchedwa hydroxycitronellal. Koma amene anamanga nyumba yeniyeni ndi Edmond Roudnitska. Iye anabzala duwali m'munda wake ku Cabris, pafupi ndi tauni ya Grasse kum'mwera kwa France, n'kumalinunkhiza, kubwerera ku mabotolo ake, kusakaniza, kubwereranso ku duwa. Zotsatira zake zinali Diorissimo, amene anatuluka mu 1956. Anamupangira Christian Dior, telala wotchuka amene ankakonda duwali kuposa lina lililonse, moti akuti ankalisokerera m'mipendero ya madiresi ake kuti limubweretsere mwayi. Dior anamwalira chaka chotsatira, mu 1957, koma mpaka lero aliyense wopanga fungo la muguet amadziyeza ndi Diorissimo.

Kodi limamveka bwanji? Ganizirani m'mawa wa mu January mvula itagwa usiku, udzu ukadali ndi mame. Onjezanipo kafungo kamene kamatuluka mukathyola phesi laliwisi, kenako kandimu pang'ono, karozi patali, ndi kutsekemera kochepa kosafika pa shuga. Ndi fungo lozizira, la madzimadzi, loyera. Likakhala pa khungu silikusandutsani keke kapena shopu ya zofukiza. Munthu amangomva kuti pafupi naye pakhala wina wosamba bwino, wovala zochapa, amene wadutsa m'dimba.

Amene amati limanunkhira ngati sopo sakunama, koma nkhaniyo aigwira chakumbuyo. Makampani a sopo, a mankhwala ochapira ndi a mafuta odzola anatenga mankhwala a muguet n'kuwathira m'katundu wawo kwa zaka makumi ambiri, chifukwa anaona kuti mphuno ya munthu ikawamva imaganiza za ukhondo. Sopo ndiye anabwereka kwa duwa. Ndipo m'dziko limene mu October thukuta limayamba kutuluka dzuwa lisanakwere, kununkhira ukhondo si chinthu chochita nacho manyazi.

Apa ndi pamene ndikuti fungoli likutiyenera. Ife timakhala moyandikana. Timapanikizana m'minibasi, pa benchi ya m'tchalitchi, pa mzere wa ku chipatala, m'kalasi yodzaza, m'msasa wa maliro. Chovala chanu chikapanda kundisangalatsa ndikhoza kuyang'ana kumbali. Nyimbo yanu ikandisokosera ndikhoza kutseka makutu. Koma kupuma sindingasiye. Perefyumu ndi chovala chokhacho chimene mumaveka anthu ena popanda kuwapempha. Pakati pa anthuwo pali wa chifuwa cha asima, pali mayi woyembekezera amene fungo lililonse lamphamvu limamutembenuza m'mimba, pali amene mutu waching'alang'ala umamuyamba ndi fungo lokha. Kutentha nakonso kumakuza vutoli, chifukwa perefyumu amauluka msanga pa khungu lotentha. Zimene zinapangidwira madzulo ozizira a ku Ulaya kapena nyumba za makina oziziritsa za ku Dubai, pa dzuwa la pa Kanele zimasanduka chibakera.

Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu sitikweza mawu. Mtumbuka, Mchewa ndi Mngoni wa kuno amasiyana pa zambiri, koma pa ichi amagwirizana: ulemu ndi kudziwa malire a malo ako. Nanga bwanji mphuno ya mnzathu timaiona ngati bwalo lopanda mwini? Kakombo wa m'chigwa amakhala pafupi ndi thupi. Amamveka kwa amene wakupatsani moni wa m'manja, kwa amene wakhala nanu mpando umodzi, kwa amene mwamulola kukuyandikirani. Ena onse amapuma mpweya wawo mwaufulu. Ngati mukupita kukafunsira ntchito, kukaonekera kwa apongozi kapena kukaona wodwala, palibe fungo limene lingakusungireni ulemu kuposa limeneli.

Tsopano za ndalama, chifukwa kumeneko n'kumene ambiri timapunthwa. Ikafika nyengo yogulitsa soya, nshawa ndi chimanga, m'matumba mumalowa kanthu, ndipo mabotolo amayamba kuyenda. Ena amabwera kuchokera ku Kamwala ndi ku COMESA Market ku Lusaka, ena ku Nakonde, ena amawoloka malire a Malawi, ena amagulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ambiri ndi timabotolo ta mafuta ochita kuthira, tolembedwa dzina ndi bolopeni. Wogulitsa akakuuzani kuti lily of the valley wake ndi wachilengedwe, wochokera m'maluwa enieni wopanda makemikolo, dziwani kuti mwina nayenso ananamizidwa kapena akukunamizani. Ngakhale Dior alibe chinthu chotero.

Izi zikuthetsanso kunyada kwina. Amene wagula botolo la ndalama zambiri asamaseke mnzake wa kabotolo ka pamsika ngati kuti iye ndiye wavala duwa ndipo winayo wavala bodza. Onse awiri avala ntchito ya manja a akatswiri a kemisitiri. Mphunzitsi wa pa sukulu ya kumudzi kapena mnyamata woyendetsa njinga yamoto sangawononge malipiro a mwezi pa botolo limodzi, ndipo palibe chifukwa choti atero. Pali makampani monga Yardley amene akhala akugulitsa fungo limeneli pa mtengo wotsikirapo, m'perefyumu, m'sopo ndi m'paudala. Kusiyana kwenikweni kwa mabotolo kuli pa funso limodzi: kodi pali munthu amene angayankhe za zimene zili m'katimo?

Funsoli ndi lalikulu pa fungo ili kuposa pa ena ambiri. Njerwa ziwiri zimene zinagwiritsidwa ntchito kwambiri pomanga muguet zinaletsedwa ku Ulaya. Yoyamba ndi Lyral, wa kampani ya IFF, amene anapezeka kuti amayambitsa ziwengo pa khungu la anthu ambiri. Bungwe la European Union linaletsa kulowetsa katundu watsopano wokhala ndi mankhwalawa pa msika kuyambira mu August 2019, ndipo pofika mu August 2021 ngakhale wakale anayenera kuchoka m'mashelufu. Yachiwiri ndi Lilial, dzina limene kampani ya Givaudan inapatsa mankhwala ena. Atawayesa pa nyama anaona kuti angawononge mphamvu yobereka, ndipo analetsedwa m'zodzola zonse kuyambira pa 1 March 2022. Britain inatsatira chaka chomwecho.

Tisaopsezane mopitirira. Palibe amene akunena kuti kupopera kamodzi kungamusandutse munthu chumba. Chimene chinadetsa nkhawa akatswiri ndi kuwunjikana: pang'ono m'sopo, pang'ono m'mafuta odzola, pang'ono m'mankhwala a m'khwapa, pang'ono m'perefyumu, tsiku ndi tsiku kwa zaka. Makampani akuluakulu anasintha kasakanizidwe kawo. Givaudan anatulutsa Nympheal, ndipo Symrise wa ku Germany anapanga Lilybelle kuchokera ku mafuta a m'makoko a malalanje, zotsala za m'mafakitale a juwisi. Koma lamulo la ku Brussels limathera pa malire a Ulaya. Botolo limene linapangidwa lamulolo lisanabwere, kapena lopangidwa kumene lamulolo silifika, likhoza kuyenda ulendo wake mpaka kufika pa tebulo la pamsika uliwonse.

Choncho tembenuzani bokosi muwerenge. Mayina ake ndi aatali, koma mukhoza kuwasunga m'foni. Lilial amalembedwa kuti Butylphenyl Methylpropional. Lyral amalembedwa kuti Hydroxyisohexyl 3-Cyclohexene Carboxaldehyde. Mukawaona, bwezani botolo pamalo pake. Mukapeza kuti palibe mndandanda uliwonse wa zosakaniza, palibe dzina la wopanga, palibe adiresi, ndiye kuti mukugula chinthu chimene palibe amene wavomera kuti ndi chake. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limafuna kuti katundu wogulitsidwa m'Zambia akhale ndi chizindikiro chonena zimene zili m'kati ndi amene anamupanga, ndipo bungwe la CCPC lilipo kuti lizilandira madandaulo a ogula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Botolo lagolide silinena kanthu za madzi amene ali m'katimo.

Kwa alongo ndi abale athu amene amagulitsa mafuta othira, sindikulimbana ndi bizinesi yanu. Ambiri mukulipira nayo lendi ndi fizi ya ana. Koma funsani amene amakuodetsani kuti akupatseni pepala la zosakaniza. Amene ali ndi katundu wabwino amakhala nalo. Ndipo chotsani mabotolo padzuwa. Kuwala ndi kutentha zimaphwanya perefyumu, makamaka wopepuka ngati uyu. Botolo limene lakhala mwezi wonse pa tebulo la panja limasintha mtundu, limayamba kununkha mowawasa, ndipo limatha kuyabwa pa khungu. Kasitomala amene watuluka zidzolo sabweranso, ndipo amauza anzake khumi.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Choyamba, kuti fungoli silikhalitsa, ndiye ndi kutaya ndalama. N'zoona kuti maluwa opepuka amauluka msanga kuposa oud kapena musk. Koma mbali ina ya vutoli ili m'mphuno mwanu. Mphuno ikazolowera fungo imasiya kuliuza ubongo, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi chigayo amasiyira kumva phokoso lake. Inu mukaganiza kuti perefyumu watha, mnzanu wa pambali akumumvabe. Ambiri amene amatsamwitsa anzawo m'basi si anthu oipa mtima. Anangopopera kachisanu chifukwa iwo okha anali atasiya kumva. Ngati mukufuna kuti akhalitse, dzolani kaye mafuta opanda fungo monga Vaseline pamalo pamene mupoperepo, ndipo pogula sankhani wolembedwa eau de parfum, amene amakhala ndi mafuta onunkhira ambiri kuposa eau de toilette. Kupopera kawiri n'kokwanira. Masana mukhoza kuwonjezera kamodzi.

Chachiwiri, kuti ndi fungo la akazi. Duwa silidziwa kuti wavala ndi ndani. Kugawa mafungo kuti awa ndi a amuna, awa ndi a akazi, ndi nzeru ya otsatsa malonda. Mankhwala a muguet ali kale m'maperefyumu ambiri a amuna, obisika pansi pa mandimu ndi fungo la mitengo, ndipo ali m'sopo amene abambo amasambira tsiku lililonse osadandaula. Mnyamata wovala shati yoyera yosita bwino, wonunkhira mozizira chonchi pa dzuwa la masana, sanataye kanthu pa umuna wake.

Pogula musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanunkhize pa chitsekerero, chifukwa chimene mumve poyamba ndi spiriti. Poperani pang'ono pa dzanja, pitani mukagule tomato ndi kapenta, mubwere patapita theka la ola. Fungo limene latsala pamenepo ndi limene mudzakhale nalo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati khungu lanu silichedwa kuchita ziwengo, yesani kadontho m'kati mwa chigongono ndipo mudikire tsiku limodzi kapena awiri. Kunyumba sungani botolo m'bokosi lake, m'kabati kapena m'sutikesi, kutali ndi windo. Ndipo perefyumu sanabwere kudzalowa m'malo mwa ndowa ya madzi. Pa thukuta la dzulo, ngakhale Diorissimo amagonja.

Chachitatu ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Ena adzati: n'chifukwa chiyani tikutamanda duwa la azungu limene silingamere n'komwe m'nthaka yathu? Funso labwino. Lundazi amadziwa bwino za zinthu zobwera. Pakati pa tauni pali nyumba yooneka ngati linga la mafumu akale a ku Ulaya, Castle Hotel, imene Errol Button, bwanamkubwa wa nthawi ya atsamunda, anayamba kuimanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Njerwa zake zinaumbidwa ndi manja a anthu a kuno, ndipo lero aliyense wa ku Lundazi amaitchula monga yake. Chinthu chimakhala chathu tikachigwiritsa ntchito mwa njira yathu.

Koma yankho langa lenileni lili pa mbiri ija ya duwa losalankhula. Ngati munthu anatha kukhala pansi m'munda wake, kununkhiza duwa lokana kupereka mafuta, n'kulimanga ndi nzeru zake m'botolo, ndiye kuti palibe fungo limene silingamangidwe. Masiku ano ntchitoyo inapepuka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, akatswiri monga Roman Kaiser wa ku Givaudan anakonza njira yotchedwa headspace: amavundikira duwa lamoyo ndi chibotolo chagalasi, amakoka mpweya wolizungulira, kenako makina amawauza mankhwala amene ali mumpweyamo. Duwalo silithyoledwa n'komwe.

Ndiye taganizirani zimene tili nazo. Maluwa a mango mu August, pamene mudzi wonse umanunkhira madzulo. Fumbi likalandira madontho oyamba a mvula mu November. Uchi wa m'nkhalango za miombo, umene alimi a kuno amagulitsa kale kudzera ku COMACO pansi pa dzina la It's Wild! Masuku akupsa m'dengu. Mpunga wa ku Chama uli pamoto. Tili ndi achinyamata amene akuphunzira kemisitiri ku UNZA ndi ku Copperbelt University, ndipo ambiri akamaliza amaganiza za migodi, za fakitale ya simenti kapena za kuphunzitsa. Palibe cholakwika pamenepo. Koma mphuno nayonso ndi msika, ndipo pakali pano ndalama zathu zonse za msika umenewo zikupita ku Dubai, ku Johannesburg ndi ku Paris.

Choncho valani kakombo wa m'chigwa, anzanga, ndipo muvale mwanzeru: wochepa, wodziwika kumene wachokera, wosungidwa pamthunzi. Muloleni aphunzitse mphuno yanu kusiyanitsa fungo la msipu ndi la shuga, fungo lozizira ndi lotentha, chifukwa mphuno yozolowera phokoso lokhalokha singamve maluwa a mango ngakhale itakhala pansi pa mtengowo. Ndipo mwa inu amene mukuwerenga, wina atenge kope, akhale pansi pa mtengo umenewo August akubwerayu, ayambe kulemba zimene akumva.